Chidutswa Chomwe Chinkakana Kufika

Masiku amenewo namwino uja anali asanayambe kuvala magalasi, ndipo akamaseka ankabisa pakamwa ndi dzanja. Amene mumamudziwa lero, woopsa kwa odwala othawa jakisoni, simungakhulupirire. Komatu nayenso anakondapo, abale, mpaka kuiwala tiyi pamoto!

Iye ndi wokondedwa wakeyo anakumana m'kachipinda kosungiramo mankhwala, kuseri kwa chipatala chaching'ono cha m'mbali mwa mtsinje. Gulu la anthu okonda mawailesi linali litabweretsa wailesi yotumizira mauthenga olemba, pamodzi ndi kakompyuta kakale, zonse zoyendera batire, kuti mafoni akadzafa pa nthawi ya ngozi chipatala chidzathe kuitana thandizo. Wodzalumikiza anali mnyamata wamagetsi, wamtali ngati chitsulo chomwe anakachimanga padenga. Anzake ankangomutchula kuti Mlongoti.

"Asisi, tandigwirireniko waya uyu," anatero ali chogwada pansi pa tebulo.

"Ine ndimagwira odwala, osati mawaya."

"Ndiye mwamupeza wodwala. Chilowereni muno mtima wanga ukungothamanga."

Ha! Mawu otchipa chonchi? Koma namwino wayayo anamugwira.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Mlongoti ankabwera kudzamuphunzitsa. Ankakhala pa katoni ya mabandeji, maondo atafika m'chibwano, kachipinda konse kakununkha sipiriti.

"Taonani," ankatero. "Mukalemba uthenga, pulogalamuyi imaudula m'zidutswa. Chidutswa chilichonse chimanyamula nambala yake yotsimikizira. Chikafika kwa mnzanu, kompyuta yake imawerengetsa. Nambala ikapanda kugwirizana, ndiye kuti chilembo china chaonongeka panjira. Imachitaya, n'kupempha kuti chibwerenso."

"Kangati?"

"Mpaka chifike chathunthu. Ndipo uthenga sutseguka chidutswa chimodzi chikasowa. Tangoganizani, mwapempha mabotolo khumi a mankhwala, uko awerenga limodzi. Munthu sangafe?"

"Ndiye makinawa sanama?"

"Amakhala chete, kapena amanena zoona. Zapakati alibe."

Mwezi usanathe, "inu" uja anasanduka "iwe". Lachitatu lililonse masana, gulu lonse likamayesa mawailesi, namwino ankapeza pakompyuta timawu take: "Kuyesa, kuyesa. Duwa langa, wadya?" Iye ankayankha kuti, "Zidutswa zonse zafika. Wamisala iwe."

A Tcheya a gululo, mphunzitsi wopuma wa ndevu zoyera, ankakalipa. "Ana inu, wailesi si ya zibwenzi! Ntchito yanu ndi imodzi: uthenga wa mwini ukagwera pa inu, muupititse msanga, osachotsapo, osaonjezerapo." Awiriwo ankangoti, "Tamva, bambo," uku akupondana zala pansi pa benchi.

Zinali nthawi zokoma zimenezo! Mlongoti ankamudikira pasiteji ya basi ndi ambulera yothyoka nthiti ziwiri. Theka la mwezi ankakhala m'tauni, ati ku ntchito, ati amagona kwa mlongo wake. Namwino akadandaula, iye ankamugwira chibwano.

"Wapamtima, pirira pang'ono. Mvula ikangotha ndikuveka mphete. Mkazi wina ine? Ndimutenga kuti, maso anga onse uli nawo iwe?"

Ndani sakanakhulupirira?

Koma mvula ya chaka chimenecho sinafune kutha. Inagwa sabata yathunthu, mtsinje unakwiya, mlatho unapita ngati chidole. Magetsi anazima, mafoni onse anafa. Mlongoti madziwo anamutsekereza tsidya lina, pasukulu pomwe anthu anathawira, ndipo gulu linali ndi wailesi ina kumeneko.

Tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Namwino ankamanga mabala, n'kuthamangira kukachipinda kukasuzumira, n'kubwereranso. Kodi ali moyo? Kodi madzi anamukokolola? Chakudya sanachikhudze n'komwe.

Tsiku lachitatu m'mawa wailesi inalira. Pakompyuta panaoneka nambala ya siteshoni ya Mlongoti!

"Amayi! Amayi, ali moyo!" anakuwa, kuitana mzamba, mayi wachikulire amene ankagwira naye ntchito.

Uthengawo unali wa zidutswa zisanu ndi zinayi. Choyamba chinafika, chachiwiri, mpaka chachisanu ndi chimodzi. Chachisanu ndi chiwiri chinakana. Kompyuta inachitaya n'kupempha kachiwiri. Chinabweranso chopunduka. Zotsalazo zinalowa bwinobwino, koma icho chokha ayi, ndipo uthenga sunatseguke.

"Tangotsegula zomwe zafikazo, tiwerenge," anatero mzamba.

"Sizilola, amayi. Mpaka zonse zikwane."

"Makina amwano ngati apongozi!"

Namwino anatuluka panja n'kuyang'ana kudenga. Mphepo inali itapendeketsa chitsulo cha wailesi chija. Sanaganize kawiri. Anavula nsapato, anatsamiritsa makwerero kukhoma, n'kukwera yunifolomu ili nyowe nyowe.

"Mwana iwe, ukagwa ndikusoka ndine, ndipo ndilibe mankhwala oletsa ululu!" mzamba anakuwa pawindo.

"Ingoyang'anani pakompyutapo, amayi! Mundiuze!"

"Yakananso!"

Anakankhira chitsulocho kumanzere, malata akuterera pansi pa mapazi ake.

"Yakananso! Aka n'kakhumi ndi chimodzi!"

Anachikumbatira ndi manja onse, mvula ikumumenya kumaso, n'kumanong'ona yekha, "Bwereza, wokondedwa, bwereza. Ndikumva ine." Manja anachita dzanzi. Kenaka mzamba anaimba nthungululu.

"Chalowa! Pakompyuta pabiriwira! Tsika, mkwatibwi!"

Anatsika chothamanga, chigongono chitasupuka, madzi akuchucha pasimenti. Anapukuta manja m'chovala cha mzamba, akuseka, n'kuwerama kuti awerenge.

Pamwamba panalembedwa kuti uthengawo ukupita ku siteshoni ya m'tauni, ukaperekedwe kwa amake mapasa, nyumba yoyang'anana ndi shopu ya telala. M'munsi mwake munali mawu awa:

"Mkazi wanga wokondedwa, duwa langa, ndili moyo. Usalire. Uwauze ana kuti adadi akubwera madzi akangophwera. Ndakusowa kwambiri."

Kuseka kuja kunathera pomwepo.

Mukudziwa chomwe chinachitika? Mauthenga opita m'tauni ankadzera pa wailesi ina ya paphiri. Iyo inali itagwa ndi mphepo, Mlongoti osadziwa. Pulogalamu ija inangofunafuna siteshoni yamoyo yapafupi yoti ipititse uthengawo, ndipo inapeza ya namwino.

Mzamba anamugwira paphewa. "Mwina makinawa asokoneza, mwana wanga. Ndi mvula yonseyi..."

"Ayi, amayi." Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Onani kubiriwirako. Zidutswa zonse zatsimikizika. Palibe chilembo ngakhale chimodzi cholakwika."

Akanakonda bwanji pakanakhala pokayikira! Koma iye mwini ndiye anakwera padenga kukachotsa chikayiko chonsecho ndi manja ake.

"Galu wachabechabe!" mzamba anaphulika. "Mlongo wake? Mlongo wobereka naye mapasa? Fufuta zimenezo! Asamve kanthu onsewo, aone mmene zimawawira!"

Pakompyuta panali mabatani awiri, lofufutira ndi lopititsira. Namwino anaika chala pamwamba pa loyambalo. Ndani akanadziwa? Mauthenga angati amasowa nthawi ya chigumula?

Koma m'maso mwake munabwera mkazi amene sanamuonepo, ataima pakhomo loyang'anana ndi shopu ya telala, ana awiri atamugwira chovala. Masiku awiri osadya, osagona, akufunsa funso lomwe lija: kodi ali moyo? Ululu umenewo namwino ankaudziwa kuwawa kwake.

Anadina lopititsira. Kenaka anakhala pa katoni ya mabandeji ija n'kulira ngati mwana.

Yankho linabwera dzuwa litapendeka, ndipo linalowa lonse kamodzi, popanda kubwereza.

"Bambo a ana, Mulungu ndi wabwino! Mapasa akungodumphadumpha. Tikukudikirani. Chonde mukawathokoze amene athandiza kuti uthenga wanu utipeze."

Namwino anauwerenga kawiri. Sanachotsepo, sanaonjezerepo. Anaupititsa tsidya lija, ndipo monga mwa ntchito yake, pulogalamu inalemba pamwamba njira yonse yomwe uthengawo wadzera. Pakati penipeni panali nambala ya siteshoni ya namwino.

Mlongoti anaiona. Tikudziwa kuti anaiona, chifukwa mlatho utamangidwanso, Loweruka kunabwera munthu wina kudzaona wailesi, bambo wamfupi wadazi wosadziwa nthabwala.

Zaka zapitapo tsopano. Kakompyuta kaja anakasintha, padenga pali chitsulo chatsopano, ndipo namwino ndiye amaphunzitsa anzake kutumiza mauthenga. Mzamba yekha, ngakhale anapuma ntchito, nkhaniyi sanaikhululuke. Akabwera kudzayezetsa magazi amafunsabe mokweza, odwala onse akumva:

"Kodi wamtali uja anabwera kudzathokoza? Mkazi wake anamutumatu!"

Namwino amangomanga lamba pamkono wa mayiyo, n'kumwetulira pang'ono.

"Sanabwere, amayi. Tambasulani dzanja."