Lumo Limodzi, Mitu Iwiri

A Lackson analakwira mlamu wawo Agnesi m'mwezi wa Okutobala, chaka chimene mapira anapserera m'minda ku Chapananga. Agnesi anali mkazi wamasiye wa mkulu wawo, ndipo ankakhala ndi mwana wake Tithokoze m'kanyumba ka kuseri kwa khola. Nkhani yonse inayambira pa Triza, mwana wa a Lackson, amene ankabwereza Sitandade 4.

Triza ankati akulankhula, mwadzidzidzi n'kungoti duu, zikope zikuphethira. Pakapita kamphindi ankapitiriza ngati palibe chachitika. Kumjigo ankagwetsa chidebe. M'kalasi akafunsidwa funso ankangoyang'ana, ndipo anzake akamuseka ankawagenda. Aphunzitsi ake, amene ana anawadzalira mpaka pakhomo, sanavutike n'kuganiza. Anati ndi mwano, namupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Pamene Triza ankakumba, Tithokoze, mnzake wobadwa naye chaka chimodzi, ankakhoza mayeso onse.

"Bambo a Triza, tipite naye kuchipatala mwanayu," anatero a Eveless, mayi ake.

A Lackson anati, "Akudwala chiyani? Thupi latentha? Mukanena kuti mwana wanga amayang'ana? Akakupatsani panado n'kukusekani."

A Lackson anamanga mbuzi panjinga, natenga mwanayo kupita kwa mneneri Goodwell, amene anali ndi kachisi wa malata pafupi ndi msika. Mneneriyo anayang'ana kaye mbuzi, kenako mwana. Sanafunse kuti vutolo linayamba liti. Anafunsa za pakhomo: mumakhala ndi ndani, ana alipo angati, wanzeru ndi uti. Pomaliza anagwira mutu wa Triza.

"Amakumeta ndani, mwanawe?"

"Amayi aakulu. Amatimeta tsiku limodzi ndi Tithokoze."

"Lumo limodzi?"

"Eya."

"Nanga tsitsilo?"

"Amalikwirira pamodzi."

Mneneri anawomba m'manja. "Bambo, mwadzimvera nokha. Nzeru za mwana wanu sizinatayike ayi. Zinangosamuka mutu."

Pofika kunyumba, a Lackson anapeza Agnesi akupeta mapira pabwalo.

"Alamu, tsitsi la mwana wanga mumapita nalo kuti?"

Agnesi anaseka, poyesa nthabwala. "Ndikagulitse kwa yani tsitsi lodzaza fumbi? Ndimakwirira kuti anthu oipa asatole, monga ankachitira amayi anu."

"Munthu woipayo ndinu."

"Alamu! Mwanayu ndinamubereka kumsana ine, mayi ake ali chigonere!"

"Munkafuna kumva pamene pali nzeru."

Anthu oyandikana nawo anasonkhana, nangoonerera. Anthu amakonda kuonerera moto ukamapsa kwa mnzawo. A Eveless nawonso anangoima pakhomo, maso pansi. M'mawa mwake Agnesi anasenza mtolo, nagwira Tithokoze padzanja, ulendo wa kwa abale ake ku Chiromo. Tsiku lomwelo a Lackson analowetsa mbuzi m'nyumba ya Agnesi.

Triza sanasinthe. Ankachitabe duu, ndipo tsopano analibenso Tithokoze womunong'oneza pamene aphunzitsi afika pophunzitsa. Mneneri anati mfiti ikugwira ntchito ili kutali, abwerenso ndi mbuzi ina.

Sabata yomweyo kusukulu kunabwera mayi Helena, mphunzitsi woyendera ana amene amavutika pophunzira. Anakhala kumbuyo kwa kalasi m'mawa wonse, akuyang'ana Triza. Poweruka anaitanitsa mayi ake.

"Mayi, mwana wanu si wamwano, ndiponso si mbuli. Amachoka kwa kamphindi n'kubwerera. Zimene aphunzitsi anena pa nthawi imeneyo sazimva."

"Ndiye mumuchiza?"

"Ine ayi. Yanga ndi kuphunzitsa. Ndikakuuzani dzina la vutoli mwana asanayezedwe, ndikunamizani. Pitani kuchipatala cha ku boma. Musakaime pamzere wa malungo. Mukafunse dokotala woona za khunyu ndi matenda a ubongo."

"Khunyu? Koma mwanayu sanagwepo."

"Kawauzeni iwowo zimenezo."

Tsiku lotsatira a Eveless anapeza amuna awo akumanga miyendo ya mbuzi yachiwiri.

"Imasuleni, bambo a Triza. Kwanu kuja tinapitako. Ulendo uno ndasankha ine."

"Pitani mukakhale pabenchi tsiku lonse," anatero a Lackson. Komabe mbuziyo anaimasula, chifukwa inali ndi bere.

A Eveless ndi Triza anayenda wapansi mpaka kumsewu, nakwera lole ya makala. Pabenchi anakhaladi mpaka dzuwa kupendeka. Dokotalayo, a Augustino, anafunsa mafunso ambiri: vutolo linayamba liti, limabwera kangati patsiku, mwana anabadwa bwanji, anadwalapo malungo aakulu kapena ayi. Anamuyeza maso ndi makutu. Kenako anang'amba kapepala, nakaika patsogolo pa Triza.

"Uzira apa, mwamphamvu, usaleke. Yerekeza kuti ukukoleza moto wa nkhuni zaziwisi."

Triza anauzira, nauzira, akuseka. Mwadzidzidzi anangoti duu, zikope zikuphethira.

"Triza! Triza!" anaitana adokotala. Zii. Atatsitsimuka anamufunsa, "Ndakuitana, wandimva?"

"Simunaitane," anayankha mwanayo.

A Augustino anatembenukira kwa mayi ake. "Zikuoneka kuti ndi mtundu wa khunyu umene sugwetsa munthu. Mankhwala ake alipo. Azimwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo mubwere naye mwezi wamawa tione mmene akuyendera. Mayi Helena aja amuthandize pa zimene zinamupita m'kalasi."

A Eveless anazengereza pakhomo. "Adokotala, kodi munthu angachotse nzeru za mwana kudzera m'tsitsi?"

"Mayi, zikanakhala choncho, onse amene anandimetapo ine bwenzi ali madokotala."

A Eveless sanaseke.

Mvula isanathe, Triza anasiya kugwetsa zidebe. Anasiyanso kugenda anzake; mwala womaliza anagenda nawo mbalame m'munda. Tsiku lina anabwera akuthamanga kuti wakhoza masamu, ndipo anafunsa ngati angakauze Tithokoze. Mayi ake anapita kukhola kumene amuna awo ankakonza mpanda.

"Bambo a Triza, tikawatenge alamu."

"Mwana wachira chifukwa mfiti ili kutali. Mukufuna adwalenso?"

"Mukudziwa kuti si choncho. Mankhwala aja mumakamutengera ndinu, panjinga."

A Lackson anakoka luzi mpaka linaduka. "Anthu onse aja anandimva. Ndikaimenso pamaso pawo, ndinene kuti ndinalakwa? Nanga mbuzizi zizigona kuti?"

Triza anapita Sitandade 5. Masiku ano amametedwa ndi mayi ake, ndipo tsitsi lake limakwiriridwa palokha. Mneneri Goodwell anawonjezera malata pa kachisi wake. Mbiri ya ufiti inamulondola Agnesi mpaka ku Chiromo, ndipo Tithokoze anasiya sukulu anzake atakana kukhala naye pafupi. Amagulitsa nsomba zouma ndi mayi ake pafupi ndi mlatho wa njanji. M'nyumba ya Agnesi mukugonabe mbuzi.