Besi ya mu Ampu ya Ezra Yathawa

Anakumana pa siteji ya basi ku Morley, kutsidya kwa nyanja, m'chaka cha 2021, onse atavala masiki. Ezra ankagogoda mahedifoni ake akuluakulu mokwiya.

"Akulira ngati wailesi yotha batire!" anadandaula yekha m'Chichewa.

"Mahedifoniwo alibe mlandu, achimwene. Foni yanu ikuwachepera mphamvu," anatero mtsikana amene anaima pambali pake. Anali Tasha, wowotcherera zamagetsi pa wekishopu ina ku Welshpool, ndipo pa ntchito yakeyo sankagonjera munthu.

Mwezi usanathe, "achimwene" anasanduka "bebi".

Nthawi ya lokidauni, Tasha anamupangira ampu yokwana m'thumba, yowonjezera mphamvu ya mawu. Makapasita, tizipangizo tosunga moto tomwe mawu amadutsamo, anasankha mosamala: osunga moto wochepa koma otulutsa mawu oyera, oyenerana ndi mahedifoni a Ezra okha.

Uthenga wa Ezra unabwera pafoni: "Wapamtima, gitala ikumveka ngati woyimbayo ali m'chipinda muno! Iwe ndi ine mpaka imfa."

Tasha anauwerenga kakhumi. Ndani sakananyada?

Patatha miyezi itatu, Ezra anafika kwa Tasha ku Maddington, ampu ili m'manja.

"Switi, besi yathawa. Tandisinthira timakapasita tako tija."

Tasha analumikiza mahedifoni a Ezra n'kumvetsera. Besi inkagunda bwinobwino! Anawavula pang'onopang'ono.

"Ezra, ampu iyi imataya besi pokhapokha munthu akalumikiza timahedifoni tolowetsa m'khutu. Iwe ulibe. Ndiye ndi ta ndani?"

Mnyamata wa pakamwa pa shuga uja anakanda mutu.

"Ndi ta Margreth, wa kukwaya. Koma bebi, ndinangomubwereka..."

"Kumubwereka? Ndiye wobwereka n'kumadandaula za besi?"

Ezra anayang'ana pansi. "Ndinamupatsa pa tsiku lake lobadwa. Ndinamuuza kuti ndinapanga ndine."

Zinamupweteka Tasha, zinamupweteka kwambiri. Masiku onse aja akupsa zala ndi chowotcherera, kani ankakometsa chibwenzi cha eni ake? Misozi inalengeza m'maso, koma anakana kuti igwe Ezra akuona.

Anatsegula bokosi lake la zipangizo, n'kutulutsa makapasita awiri onenepa. Anawaika m'manja mwa Ezra pamodzi ndi ampu ija.

"Awa ndiwo oyenera makutu a Margreth. Besi ibwerera yonse."

Ezra anamwetulira, chitsiru! "Ndiye undiikira, switi?"

Tasha anatsegula chitseko.

"Si mwati munapanga ndinu, achimwene? Kawotcherereni nokha."