Khadi la Madzi Pambali pa Feston

Chimene chinayamba kudabwitsa ndi mpata. Madzulo amene Thandie anayala makadi atatu patebulo lake lodulirapo nsalu, pakati pa khadi ndi linzake pankakwana chikhatho. Kutacha, Brenda atabweranso, mpata wa kudzanja lamanja unali utachepa. Chitseko chinagona chokhoma, ndipo Thandie ankakhala yekha, analibe ngakhale mphaka.

Brenda sanapite kumeneko mwachisangalalo. Mwamuna wake Feston, wowotcherera mageti pafupi ndi msika wa Zingwangwa, anali gone pamphasa, thupi lili zii ngati mwala wa mumtsinje. Kuchipatala anamuyeza zonse osapeza kanthu. Munthu amene ankasenza geti yekha tsopano ankalephera kukweza kapu ya tiyi.

Thandie anali telala. Makadi olosera a tarotiwo anabwera nawo kuchokera ku Joni, kumene mayi wina amene ankamugwirira ntchito anamuphunzitsa kuwawerenga. Anthu ankamujeda, koma ojedawo ndi omwe ankagogoda kwake dzuwa likangolowa. Iye sankawakumbutsa. Kunena zoona, mkazi wa mtima ngati umenewo sapezekapezeka.

"Khadi limodzi silinena kanthu, make Takondwa," Thandie anamuuza Brenda tsiku loyamba lija. "Lili ngati munthu wa pa lendi, mtendere wake umatengera maneba. La pakatili, la ndodoli, ndi amuna anu. Ndodo ndi moto. Kumanzereku kuli dothi, ilo sililowerera za moto. Vuto ndi la kapuli, awa ndi madzi. Pakanakhala lupanga, ndiye mphepo, motowo ukanakula. Koma madzi amauzimitsa."

"Ndiye lichotsenitu, asisi."

"Lomwe latuluka latuluka. Sitichotsa mpaka nkhani ithe."

Anavundikira makadiwo ndi nsalu yoyera.

M'mawa uliwonse mpata uja unkapezeka utacheperako, ndipo Feston ankazizira kuposa dzulo lake. Mayi wa chipinda choyandikana ndi cha telalayo anayamba kuuza anthu kuti usiku amamva madzi akudontha kwa Thandie, tho, tho, tho, pomwe unali mwezi wa Okutobala ndipo mipopi inali itauma. Ena ankati telalayo amasuntha yekha khadilo kuti aopseze mkazi wa mwini. Mawu amenewo anamulowa Brenda, ndipo anaganiza zokaona ndi maso ake.

Anafika chisisira, magetsi atazima. Anakhala awiriwo pa benchi, kandulo ili pansi. Kunja mawu a oitanira minibasi ankazilala pang'onopang'ono mpaka kunangotsala agalu. Kenako m'chipindamo munayamba kununkha matope a mumtsinje. Pansi pa nsalu yoyera ija panamveka kukhwekhwereza, pang'ono, kusiya, pang'ono, ngati mphemvu ikuyenda papepala. Manja a Thandie anali pamiyendo pake, onse awiri.

"Mwamva?" ananong'ona Brenda.

"Ndimamva tsiku lililonse," anayankha Thandie motsitsa mawu. "Sindinafune kukuuzani."

Kandulo itatsala pang'ono kutha, Thandie analowa kuchipinda kukafuna ina. Apa m'pamene mantha anamupusitsa Brenda. Anavundukula nsalu, anatsomphola khadi la kapu n'kulimanga pamfundo ya chitenje chake. Anafufuza mumulu wa makadi otsala, napeza la lupanga, n'kuliika pambali pa mwamuna wake. Si anati mphepo imakuza moto? Anavundikira bwinobwino, anatsanzika, ulendo wa kunyumba mtima uli m'malo.

Anapeza Feston akutentha moti kumukhudza kunali ngati kugwira chitsulo chake chowotcherera. Milomo inali itang'aluka, maso ali psuu, akubwebweta mayina a anthu amene anamwalira kale. Brenda anachezera kumupukuta ndi nsalu yonyowa, akulira, ndipo nsaluyo inkauma m'manja.

M'bandakucha anathamangira kwa Thandie. Pakhomo anamasula mfundo ija kuti aulule, koma munalibe kanthu, chitenje chokha chili chonyowa. Patebulo, khadi la lupanga linali litakankhidwira kumphepete. La kapu linali pamalo pake, ngodya yake itakhudza kale khadi la Feston.

Thandie sanakalipe. Anangomuyang'ana mwachisoni.

"Munthu wofooka choncho mwamuuzirira mphepo, make Takondwa? Akanatha ngati udzu. Ndipo madziwa mwawaputa, lero sadikira."

Brenda anagwada pasimenti. "Mundithandize, asisi. Takondwa akadali wamng'ono."

Thandie anatsegula kabati ya makina ake osokera n'kutulutsa khadi limodzi lokulungidwa m'kansalu, limene silinkalowa mumulu wa anzake. Panali chithunzi cha mfumukazi itakhala m'munda. Anati mphunzitsi wake pomupatsa anamuuza kuti limeneli likuimira Thandie mwini wake, ndipo ndi la dothi. Ndi chala chimodzi anakankha khadi la kapu. Linkalemera, mpaka mitsempha ya padzanja inaoneka. Pampata umene unatseguka analowetsapo mfumukazi ija.

"Kuchotsa sitichotsa," anatero akupuma movutikira, "koma kuima pakati n'kololedwa. Dothi ndi madzi n'paubwenzi. Dothi limamwa."

"Nanga inuyo zikutherani bwanji?"

"Pitani mukaphike phala. Adzuka ndi njala."

Anadzukadi ndi njala. Mvula yoyamba isanagwe, Feston anali atabwerera pamalo pake, moto wabuluu uli thethethe pamageti a anthu.

Koma makina a Thandie anasiya kulira. Miyendo yake inatupa moti sinkathanso kupalasa. Brenda ankapita kwake madzulo alionse ndi ndiwo m'kambale, n'kumusesera m'nyumba. Pasimenti youma, paliponse pamene Thandie waponda pankatsala phazi lonyowa. Sanadandaulepo ngakhale kamodzi, ankangofunsa za sukulu ya Takondwa.

Tsiku lina Brenda analimba mtima.

"Asisi, makadiwa mudzawatola liti?"

"Kapuyo ikadzatha," anayankha Thandie akumwetulira.

Brenda anatukula nsalu yoyera ija pang'ono n'kusuzumira. Mfumukazi inali itafufuma ndi chinyezi, utoto ukusuluka kumaso kwake. Kapu ija inali yodzazabe mpaka pakamwa.