Rimsha Apenta Bokosi la Magemu

Rimsha anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala mumzinda wa Rawalpindi. Ankakonda kujambula. Koma sabata imeneyi ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mchimwene wake Talha asekenso.

Talha anali ndi thabwa la magudumu. Linali thabwa lakale. Bambo ankakwera lomwelo ali mnyamata. Kunsi kwake kunali mizere itatu. Mzere wofiira. Mzere wa olenji. Mzere wachikasu.

Talha ankakwera thabwalo m'mawa. Ankakwera thabwalo madzulo. Amayi akanalola, bwenzi akugona nalo.

Tsiku lina Talha anadumpha masitepe atatu. Thabwa linalowera uko. Talha analowera uku. Mwendo wake wakumanzere unathyoka.

Kuchipatala anamuika chikhakha. Chinali choyera. Chinali cholimba. Chinali cholemera.

Rimsha anapita kukamuona. Anamutengera jalebi, maswiti amene Talha ankawakonda. Talha sanadye. Anamuuza nthabwala. Talha sanaseke.

"Thabwa lanu ndalipukuta, achimwene," anatero Rimsha.

"Ukalitaye," anatero Talha. "Sindikufunanso kuliona."

Atatero anatembenukira kukhoma.

Rimsha sanalitaye. Analibisa pansi pa bedi lake.

Bambo ankagwira ntchito yokonza ma TV. Iwo anatenga kabati yakale. Anatenga TV yakale. Anatenga mabatani awiri ndi kandodo kamodzi. Anacheka. Anakhoma. Analumikiza mawaya. Linatuluka bokosi la magemu. Linali lalitali kuposa Rimsha.

"Talha sathamanga mwezi uno," anatero Bambo. "Koma zala zake sizinathyoke."

Bokosilo linkagwira bwino ntchito. Koma kuoneka kwake ayi. Linali lotuwa mbuu ngati bulu.

"Ndilipenta ine," anatero Rimsha.

"Lero ndi Lachiwiri," anatero Bambo. "Talha akutuluka m'chipatala Lachisanu. Thamangira kwa agogo ako."

Agogo Sarwar anapenta malole zaka makumi anayi. Anapenta maluwa. Anapenta mapiri. Anapenta mbalame za pikoko. Iwo akaona malo opanda utoto, manja ankawayabwa. Ngakhale ndowa ya kubafa inali ndi maluwa.

Agogo anazungulira bokosilo kawiri.

"Tipentapo pikoko," anatero Agogo.

"Ayi, Agogo."

"Chabwino. Apikoko awiri."

"Ayi, Agogo. Ndikufuna thabwa la magudumu."

Agogo anakanda ndevu zawo. "Lomwe lija linamugwetsa?"

"Lomwelo."

"Nanga akakwiya?"

Rimsha anayang'ana pansi. Anachita mantha.

"Amalikondabe," anatero. "Ndikudziwa."

Koma kunena zoona, sankadziwa.

Tsiku lomwelo Rimsha anatulutsa thabwa lija. Analiyang'anitsitsa. Anatenga pepala lalikulu. Anajambula dzuwa lalikulu. M'dzuwamo anaikamo mizere itatu, ngati ya pathabwa. Pansi anajambula timabokosi takuda ndi toyera. Pakati anajambula mnyamata. Mnyamatayo anali m'malere. Thabwa linali kumapazi kwake.

Agogo anasuzumira.

"Makutu ndi a Talha enieni," anatero. "Ngati mbale za tiyi."

Kenako Agogo anamupatsa singano.

"Boola pepalali," anatero. "Tsata mizere yako. Usadumphe."

Rimsha anaboola. Anaboola dzuwa. Anaboola thabwa. Anaboola makutu. Zala zake zinawawa. Koma sanasiye.

Agogo anatenga kathumba ka nsalu. Munali ufa wa choko. Anaika pepala pambali imodzi ya bokosi. Inali mbali yoyang'ana kukhomo. Anamenya pepalalo ndi kathumba. Phu, phu, phu.

Anachotsa pepala. Pabokosi panatsala timadontho toyera. Mnyamata uja anali pomwepo.

Anapita mbali inayo, yoyang'ana kuzenera. Agogo anatembenuza pepala.

"Mwatembenuziranji, Agogo?" anafunsa Rimsha.

"Pa lole timatero," anatero Agogo. "Zithunzi zonse ziyang'ane kutsogolo. Unaonapo pikoko akubwerera kumbuyo?"

Phu, phu, phu. Mnyamata wachiwiri anatuluka.

Lachitatu Rimsha anapenta mbali ya kuzenera. Anapaka utoto wofiira. Anapaka wa olenji. Anapaka wachikasu. Buluku la mnyamata analipaka wa buluu. Zinakongola kwabasi.

"Pakona apa pali malo," anatero Agogo. "Kaduwa kamodzi?"

"Ayi, Agogo."

Agogo anabisa manja m'matumba.

Lachinayi Rimsha anapenta mbali ya kukhomo. Wofiira. Wa olenji. Wachikasu. Wa buluu. Kunatsala nsapato zokha. Nsapatozo zinkafunika utoto woyera.

"Pang'onopang'ono," anatero Agogo. "Bulashi si supuni."

Koma Rimsha anali ndi changu. Anaviika bulashi yonse m'chitini. Anaikweza m'mwamba.

Tho!

Dontho lalikulu linagwera pabondo la mnyamata. Linayenderera kutsika. Rimsha anapukuta ndi chala. Linafalikira. Anapukutanso. Linafalikiranso. Mwendo wonse unayera, kuyambira pabondo mpaka kuphazi.

Rimsha anakhala pansi. Misozi inalengeza m'maso.

"Ndaononga, Agogo," anatero. "Tipakepo wa buluu msanga."

Agogo anapukusa mutu. "Utoto wa malole suuma msanga, mdzukulu wanga. Tikapaka wina pamwamba, likhala phala."

"Koma achimwene akubwera mawa."

Rimsha analira. Analira kwambiri. Agogo anakhala pansi pambali pake. Mawondo awo analira nawo, kwe, kwe.

"Tamvera," anatero Agogo. "Ife openta malole sitifufuta. Dontho likagwa, timalisandutsa duwa."

"Zoona?"

"Ukuganiza kuti maluwa onse aja anachokera kuti? Theka lake ndi zolakwa zanga."

Rimsha anapukuta mphuno. "Duwa mwendo wonse? Achimwene andithamangitsa."

"Ndi ndodo ziwiri? Sangakupeze."

Rimsha anayang'ananso chithunzi chija. Mwendo unali woyera. Unali wonenepa. Unali wakumanzere.

Anaimirira.

"Agogo, ili si duwa," anatero. "Ichi ndi chikhakha."

Anatenga bulashi yaing'ono. Anaviika nsonga yokha. Anawongola m'mbali mwa mwendo. Kumapeto anajambula tizala tisanu tikusuzumira. Chinaoneka chikhakha chenicheni.

Rimsha anapita kukasamba m'manja. Pobwera anapeza kaduwa kofiira pachikhakhapo.

"Agogo!"

"Kamodzi kokha," anatero Agogo. "Dzanja linapita lokha."

Lachisanu m'mawa Amayi anakazinga parata, buledi wopyapyala ngati chapati. Rimsha sanadye. Anamwa tiyi wa mkaka pang'ono.

Talha sankafuna kuona thabwa. Pabokosi panali thabwa. Talha ankadana ndi chikhakha. Pabokosi panali chikhakha.

"Bwanji tiliphimbe ndi nsalu?" anafunsa Rimsha.

"Nsalu imatirira," anatero Agogo. "Utoto sunaumitsitse."

Panja panamveka hutala ya rikisho, njinga yamoto ya magudumu atatu yonyamula anthu. Bambo anatsegula chitseko. Talha analowa ndi ndodo ziwiri. Go, go. Go, go. Nkhope yake inali yokwinya.

Anaona bokosi. Anaima.

Rimsha anabisala kumbuyo kwa Agogo.

Talha anayang'ana dzuwa. Anayang'ana mizere itatu. Anayang'ana thabwa. Anayang'ana mwendo woyera. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndine?" anafunsa.

"Ndinu, achimwene," anatero Rimsha. Mawu ake anali aang'ono.

"Ndi makutu amenewa?"

"Ndi ako omwe," anatero Agogo. "Sitinaonjezere."

"Ndiye ndikuuluka ndi chikhakha?"

"Linali dontho," anatero Rimsha. "Ndinalakwitsa. Pepani."

Talha anawerama pang'ono. Analoza ndi ndodo.

"Nanga kaduwa aka waika ndani?"

Onse anayang'ana Agogo. Agogo anayang'ana kudenga.

Milomo ya Talha inanjenjemera. Mapewa ake anagwedezeka. Kenako anaseka. Anaseka mpaka ndodo imodzi inagwa. Bambo anamugwira kuti asagwe nayenso.

Rimsha anatuluka kumbuyo kwa Agogo. Mtima wake unakhala pansi. Njala inabwera nthawi yomweyo.

Talha anatola ndodo. Go, go. Anapita mbali ya kuzenera. Anapeza mnyamata wachiwiri. Uyu analibe chikhakha. Miyendo yake yonse inali yabwinobwino.

"Nanga uyu ndani?" anafunsa.

Rimsha anaganiza pang'ono.

"Ndinunso," anatero. "Chikhakha atachotsa."

Talha anayang'anitsitsa mapazi a mnyamatayo.

"Apa mwalakwitsa," anatero. "Ine ndimatsogoza phazi lakumanzere. Uyu watsogoza lakumanja."

"Tinatembenuza pepala," anatero Agogo. "Pa lole timatero."

"Lole ilibe mapazi, Agogo."

Bambo anaseka. Amayi anaseka. Agogo anangokanda ndevu.

"Kukwera chonchi n'kovuta," anatero Talha. "Sindinayesepo."

Anayang'anabe chithunzicho.

"Ndidzayesa," anatero. "Mwendo ukapola."

"Pamalo opanda masitepe," anatero Amayi.

"Inde, Amayi."

Talha anakhala pampando. Bambo anayatsa bokosi. Kanyimbo kanalira, ti, ti, ti. Koma Talha sanagwire mabatani. Anatembenukira kwa Rimsha.

"Thabwa lija unakataya kuti?" anafunsa.

"Sindinataye, achimwene. Lili pansi pa bedi langa."

"Sumvera iwe."

"Inde."

"Kalitenge," anatero Talha. "Ndikufuna ndione ngati mizere wakhoza."

Rimsha anathamanga. Anabwera nalo atalikumbatira. Talha analiika pamiyendo. Analisisita. Anazungulitsa gudumu limodzi ndi chala. Gudumulo linazungulira, linazungulira.

"Wakhoza," anatero.

Amayi anabweretsa parata ndi tiyi. Rimsha anadya atatu. Talha anadya anayi. Atatha anasewera gemu. Rimsha anagwira kandodo. Talha anagwira mabatani. Anagonja kawiri. Kachitatu anapambana.

Kenako Talha anakweza mwendo wake pampando. Anagogoda chikhakha chake. Go, go.

"Ichi chatuwa ngati bulu," anatero. "Rimsha, pentapo mizere itatu."

"Wofiira, wa olenji ndi wachikasu?"

"Yomweyo."

Agogo anatsokomola. Bulashi inali kale m'manja mwawo.

Talha anayang'ana Rimsha. Rimsha anayang'ana Talha.

"Kamodzi kokha, Agogo," anatero onse awiri.