Maureen wa ku Coburg Ali pa Foni

Noreen Maddern anamva kwa wa kubutchala kuti mkamwini wake akufuna kusamuka. Chinamuwawa koyamba n'chimenecho, kumva nkhani ya m'nyumba mwake kwa munthu wovala epuloni yamagazi, uku akumukulungira mwendo wa nkhosa.

"Pepanitu mayi Maddern, ndamva pa wailesi. Ndiye Matteo akubwerera kwawo ku Adelaide eti? Timu yathu ya Merri ija yatha basi."

Noreen anamwetulira ngati wadziwa kale, n'kutuluka.

Unali mwezi wa Okutobala. Ku Melbourne mwezi umenewu mpira umakhala utatha, koma ndi pamene anthu amapenga bwino, chifukwa kwa masiku khumi matimu amasinthana osewera ngati nkhosa pa msika. Wosewera sagulidwa ndi ndalama. Timu yomufuna imapereka wosewera mnzake, kapena nambala yake ya pa mzere wosankhira anyamata atsopano mu Novembala. Nambala ikachepa ndiye yokoma, poti umasankha anzako asanatole abwino onse. Ndipo wokambirana malonda amenewa ku timu ya Merri sanali wina koma Col Maddern, mwamuna wa Noreen, bambo wa dazi ndi mafoni awiri.

Matteo Zanella anafika pakhomo pawo ali ndi zaka 18, chikwama chimodzi ndi khosi lalitali ngati la nthiwatiwa. Timu ikasankha mnyamata wakutali imamupezera banja lomusunga, ndipo uyu anagwera kwa Noreen. Anamudyetsa, anamuchapira, anamuphunzitsa kuti thawulo lonyowa siligona pabedi. Patatha zaka zitatu anazindikira kuti mnyamatayo samabwerera kukhitchini chifukwa cha makeke okha, koma chifukwa cha Bridie, mwana wamkazi yekhayo wa m'nyumbamo. Anakwatirana, anapeza nyumba misewu inayi kuchokera pamenepo, ndipo anabereka Frankie, kamnyamata ka zaka ziwiri kamene Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse kankaswera kwa Noreen.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamusowetsa mtendere: Pina Zanella, mayi womubereka Matteo. Mayi ameneyu ankatumiza mabotolo a supu wa tomato mwezi ndi mwezi, ngati kuti ku Melbourne kulibe tomato. Noreen ankawakankhira kumbuyo kwenikweni kwa kabati. Ndipo Frankie akaona nkhope ya Pina pa foni ankakuwa kuti "Nona! Nona!", kutanthauza agogo, n'kumapsompsona galasi mpaka kulinyowetsa. Noreen womusintha matewera sanapsompsonedwepo choncho.

Lamlungu onse anabwera kudzadya nkhosa ija. Noreen anadikira kuti aliyense adzaze pakamwa.

"Ndiye ine ndizimvera kwa wa kubutchala?"

Matteo anaika foloko pansi. "Amayi, ndimati ndikuuzeni lero lomwe. Atolankhani anditsogolera."

"Undiuza chiyani? Kuti zaka zisanu ndi zitatu ndimakupha ndi njala?"

"Si choncho amayi. Chimwalirireni bambo chaka chatha, mayi ali okhaokha m'nyumba muja. Sabata yatha anagwa kubafa, anakhala pansi maola awiri. Timu ya Semaphore ya ku Adelaide komweko ikundifuna, akuti zaka zitatu."

"Agwa kubafa! Aikireni chogwirira, si zilipo zambirimbiri m'sitolo? Inenso ndikagwa mawa mukhala?"

"Amayi!" anatero Bridie.

"Iwe khala chete, wandibisira nkhani mwezi wathunthu. Mnyamata uyu wasewerera Merri masewero 96. Anayi okha kuti akwane handiredi, Frankie akadzakula adzakhale wa Merri mwa lamulo lija loti bambo akakwanitsa handiredi, mwana amalowa timu yomweyo. Mukumulanda mwana timu ya kwawo!"

"Frankie sanasiye n'komwe matewera, inu mwamulembetsa kale timu," anatero Col, koma ataona diso la mkazi wake anabwerera ku mbatata zake.

Alendo atapita, Noreen anamutsekereza Col pa sinki.

"Akupereka nambala yanji?"

"Nayintini. Ndi mtengo wabwino kwa munthu wa zaka 26."

"Auzeni kuti mukufuna sikisi."

"Sikisi? Noreen, nambala imeneyo sangapereke ngakhale nditawaonjezera iweyo ndi galimoto."

"Ndiye kanani basi. Si ndinu bwana?"

Col anapukuta manja pang'onopang'ono. "Mvetsa bwino. Kontirakiti yake yatha. Tikapanda kugwirizana pofika Lachitatu hafu pasiti seveni madzulo, dzina lake lilowa pa mzere wa osankhidwa, ndipo timu iliyonse itha kumutola. Utha kudzuka mdzukulu wako ali ku Perth, kumathero a dziko uko."

Koma Noreen sankamva za Perth. M'maso mwake munali Pina yekha, atanyamula Frankie pakhomo, akumudyetsa supu uja ndi supuni yaikulu.

Lolemba m'mawa anali yekha kukhitchini, wailesi ikubwebweta za malonda a osewera monga imachitira kuyambira m'mawa mpaka madzulo masiku amenewa. Oimba foni ku wailesiko anali amakanika, madalaivala a mathiraki, agogo opuma ntchito, aliyense katswiri. Wina anati Semaphore yatola golide. Noreen anayang'ana foni, foni inamuyang'ana. Anati mumtima, a Semaphore akachita mantha n'kubwerera m'mbuyo, Matteo asainanso ku Merri, nkhani yatha, palibe wafa. Anaimba, n'kupereka dzina labodza.

"Tili ndi Maureen wa ku Coburg," anatero muulutsi. "Takulandirani mayi, zikuyenda?"

"Zikuyenda, achimwene. Ine ndikungowamvera chisoni a Semaphore. Akugula galimoto osatsegula boneti."

"Ha! Mukutanthauza chiyani mayi?"

"Bondo lakumanzere la Zanella. Lolemba lililonse limatupa ngati dzungu. Amakhala tsiku lonse ataliika paketi ya nsawawa za mufiriji, masitepe amakwera ngati nkhalamba. Chaka chamawa n'kumapeto."

"Eee! Inu mukuzidziwa bwanji zimenezi, Maureen?"

"Ndili ndi maso," anatero Noreen, n'kudula foni. Ankamva kukoma ngati wamwa kachasu pang'ono. Anafika mpaka poimba kanyimbo akupukuta tebulo.

Pasanathe theka la ola, chitseko chakumaso chinamenyetsedwa mwamphamvu mpaka chithunzi cha ukwati chinapendekeka pakhoma. Bridie analowa makiyi a galimoto ali m'manja, nkhope yonse misozi.

"Maureen! Maureen, amayi? Ngakhale dzina lobisalira mwalephera kupita nalo patali?"

"Ukunena chiyani iwe? Ine ndimapukuta tebulo."

"Munandibereka ndinu, mawu anu ndingawasokoneze? Ndinali pa maloboti, ndinatsala pang'ono kugunda thiramu, sitima ya mumsewu ija! Nsawawa zija ndi za mufiriji yanu iyi. Ankabwera kudzakhala pampando uwu chifukwa kuno ndi kumene ankamasuka. Inu mwakazitaya pa wailesi, mzinda wonse ukumva!"

"Ndanama? Silitupa?"

"Bondo la wosewera aliyense limatupa Lolemba! Madokotala a timu akulidziwa, alibe nalo nkhawa. Koma tsopano mwalisandutsa nkhani."

Apa Noreen anasiya kunamizira. Anaponya kansalu pansi. "Nanga ndikanatani? Mayi uja akhale phee ku Adelaide, osachapa ngakhale sokosi imodzi, kenako alandire zonse zophikaphika? Mwana wake ndamulerera ine. Mdzukulu ndalera ine. Iye angotumiza tomato basi, n'kutenga onse atatu?"

"Mwamuna wawo anamwalira, amayi."

"Inenso wanga ali ngati anamwalira, amakhala pa foni!"

Bridie anatembenukira kuchitseko. "Timati tikhale mpaka Khirisimasi kuti Frankie atsazike bwinobwino. Mawa musamuyembekezere." Anatuluka, chitseko n'kuliranso kachiwiri.

Pofika masana mawu a Maureen anali paliponse. Anyamata ankawatumizirana pa mafoni, wina anawaikira ng'oma. A Semaphore anaitanitsa kuti bondo lijambulidwenso. Silinapezeke ndi vuto lalikulu, koma wamalonda akanunkhiza mantha sabweza mtengo. Nayintini ija anaichotsa n'kuikapo 44. Zaka zitatu zija anazidula n'kutsala chimodzi.

Col anabwera Lachiwiri madzulo tayi ili m'thumba. Sanakalipe, ndipo Noreen akanakonda akanakalipa.

"Akuluakulu a timu andifunsa ngati Maureen ndimamudziwa," anatero. "Ndati mawuwo ndi achilendo. Zaka makumi atatu ndikunamiza matimu ena, lero ndanamiza yanga."

"Ndiye akhala? Poti a Semaphore achepetsa..."

"Ndamupatsa pepala la zaka ziwiri kuno ku Merri. Walibweza osaliwerenga. Akuti kuli bwino akatoledwe ndi a ku Perth kusiyana n'kukhala misewu inayi kuchokera pano."

Noreen anakhala pansi pomwepo, pa kampando kamene Frankie amakwerapo posamba m'manja.

Lachitatu anakhala pafupi ndi wailesi tsiku lonse osaigwira. Seveni koloko inakwana, palibe kanthu. Teni pasiti, palibe. Tsopano Perth anaimva bwinobwino, maola anayi pa ndege, ndipo anapezeka akupempherera chinthu chomwe chija analimbana nacho sabata yonse. Kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi, muulutsi anakuwa kuti Zanella wapita ku Semaphore pa nambala 44, ndipo Col Maddern wagulitsa ng'ombe pa mtengo wa nkhuku. Oimba foni anayamba kufunsa ngati mkuluyo sanakalambe. Noreen anazimitsa wailesi n'kulira mokweza, m'nyumba mopanda womumva.

M'mawa mwake Matteo anabwera yekha. Anaima pakhomo la khitchini, mutu utatsala pang'ono kugunda pamwamba monga kale, n'kuika kiyi wa nyumbayo patebulo.

"Tinyamuka Loweruka. Bridie sakufuna kubwera."

"Matteo, mwana wanga, ine ndimangofuna..."

"Ndikudziwa chimene mumafuna." Sanakweze mawu. "Ndikuuzeni kanthu kamodzi. Chaka changa choyamba kuno, tsiku lina ndikulankhula ndi mayi pa foni, inu munandiitana kuti chakudya chapsa, ine n'kuyankha kuti ndikubwera amayi. Anamva. Anadula foni, ndipo bambo anadzandiuza kuti analira sabata yonse. Koma atandiimbiranso anati, ‘Uziwatcha choncho kumene, akukusunga bwino.’ Zaka zisanu ndi zitatu akhala akundibwereketsa kwa inu, sanaimbirepo wailesi."

Matteo anakankhira kiyi uja kwa Noreen.

"Dzulo mayi anati ndikupatseni moni. Sakudziwa kuti Maureen ndi ndani. Bridie akufuna awauze, ine ndakana. Nkhani imeneyo ndi yanu."

Anawerama n'kumupsompsona pachipumi, mwaulemu chabe, ngati mmene munthu amachitira kwa azakhali a mnzake. Chitseko anatseka pang'onopang'ono, ndipo kutseka kumeneko kunapweteka kuposa kuja kwa Bridie.

Noreen anakhala patebulo mpaka tiyi anazizira. Kenako anatenga foni. Nambala ya Pina inalimo kuyambira pa ukwati, koma anali asanaiimbepo. Inaitana kanayi.

"Halo?"

"Asewere, ndine Noreen. Mayi uja wa pa wailesi ndinali ine."

Pa foniyo Noreen ankamva wotchi ya ku Adelaide ikugunda.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo," anatero Pina. "Ndinaduka nsanje kuti mukudziwa bondo la mwana wanga kuposa ine."

Noreen anapukuta mphuno ndi kansalu kopukutira mbale. "Muli ndi cholembera pafupi? Frankie sagona masana chitseko chikakhala chotseka. Mphesa muzimudulira pakati. Ndipo akayamba kukoka khutu lakumanja, musadikire, ndiye kuti malungo ali m'njira."

"Dikirani, asewere, ndipeze magalasi," anatero Pina. "Yambiraninso, pang'onopang'ono."