Penti Wotsala

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Bulashi anakhala akupenta nyumba za eni ake. Dzinali anamupatsa ndi amisiri anzake, chifukwa m'thumba lakumbuyo la ovolosi yake simunkasowa bulashi, ngakhale pamaliro. Luso anali nalo. Ankatha kudula mzere wa penti pansi pa siling'i popanda chingwe, mzerewo n'kuwongoka ngati waujambula ndi lula. Koma akaweruka ankabwerera kunyumba ya zipinda ziwiri ya pulasitala wotuwa, imene denga lake linkadontha pamwamba penipeni pa bedi. Kuseri kwake kunali kanyumba kena kamene malemu bambo ake anakasiya kosamaliza, mmene nkhuku zinkaikira mazira.

Chimene chinamudya mtima chinachitika masana ena pa mdadada wa nyumba za lendi za mkulu wina. Mkuluyo anakulira limodzi ndi Bulashi, ndipo kale ankatunga madzi pa ntchito za zomangamanga, koma tsopano anali ndi zitseko zisanu ndi zitatu za lendi. Mwana wamkazi wa Bulashi, yekhayo amene anali naye, anabwera kudzamupatsira chakudya. Nthawi yomweyo mwini nyumbayo analowa n'kuona kadontho ka penti pa matailosi.

"Iwe wapenti, matailosi awa ukuwadziwa mtengo wake? Pukuta."

Panalibe kasanza pafupi. Bulashi anavula malaya, n'kugwada, n'kupukuta. Mwana wake anayang'ana kukhoma ngati akuwerenga chinachake. Madzulo ake sanayang'anane m'maso.

Kumapeto kwa msewu wa ogulitsa matabwa kunali bambo wina wogulitsa zitseko ndi mafelemu akale. Anthu ankanong'onezana kuti malonda ake enieni sanali zitseko. Bulashi anapitako masana a Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo. Anamupeza akuzula misomali pa chitseko, atavala malaya oyera ositidwa bwino.

"Mukufuna chitseko," anafunsa bamboyo osadzutsa mutu, "kapena mukufuna zitseko?"

Bulashi anayandikira. "Zitseko."

Bamboyo anamulowetsa kuseri kwa mulu wa mafelemu. Kunalibe nsupa kapena zikopa za njoka. Kunali mpando, tebulo, ndi mabotolo aang'ono a ufa woyera ngati laimu.

"Supuni imodzi pa chidebe chilichonse cha penti. Mupente m'kati, muike munthu wa lendi. Basi."

"Nanga chizimba chake? Ndinene poyera, za magazi ine ayi. Mwana ndili naye mmodzi."

"Ndani wakamba za magazi? Mwana wanu mukhale naye. Khoma limadzidyetsa lokha. Amene agone m'katimo, mwayi wake ndi mphamvu zake zizilowa m'khoma, kuchoka m'khoma zizibwera kwa inu. Pang'onopang'ono, ngati chiswe."

"Ndiye kuti munthuyo afa?"

"Alipo amene sadzafa? Inu simugwira munthu. Ntchito yanu ndi yomwe ija, kupenta." Bamboyo anamwetulira, mano ake onse ali athunthu. "Malamulo ndi awiri. Lendi muzilandira nokha m'manja, mukumuyang'ana munthuyo kumaso, ndipo musadzaikane. Lachiwiri, pakamwa potseka. Komanso dziwani kuti khoma lilibe maso. Silidziwa kuti uyu ndi ndani."

Bulashi anayang'ana mabotolo aja. Kenako anakumbukira mawondo ake pa matailosi aja, n'kutambasula dzanja.

Anathamangitsa nkhuku m'kanyumba kakuseri kaja, anaika chitseko ndi mawindo awiri, n'kupenta m'kati penti wachikasu chofewa. Penti asanaume n'komwe, anthu anali atayamba kale kugogoda. Amene anatenga kiyi anali telala, bambo wamimba yake, woseka mokweza, wa makina atatu osokera ndi mkazi ndi ana awiri.

"Nyumba iyi ikuseka, alandilodi," anatero telalayo akusisita khoma. "Munthu ukalowa sufunanso kutuluka."

Mwezi womwewo telala analandidwa ntchito yosoka mayunifolomu imene anakhala akuigwira zaka zambiri. Sabata yomweyo Bulashi anapatsidwa ntchito yopenta nyumba zonse za kampani ina, osaipempha. Ndalama zinayamba kumukakamira m'manja. Anagula nyumba yakugwa mbali imodzi pamsewu wachitatu, anaikhoma malata atsopano, anaika siling'i, anakokera mpopi pakhomo, n'kuigawa zitseko zitatu. Kenako ina, kenako inanso. Ankasankha nyumba zimene ena ankazinyoza, n'kuzikonza ndi manja ake: matailosi otsika mtengo koma oyalidwa bwino, mashelefu m'khitchini, loko wolimba, waya woyanikapo zovala. Lendi ankaika yotsika. Pomwe zinkakwana zaka zinayi anali ndi zitseko khumi ndi zinayi, ndipo amene ankamuti iwe anayamba kumuti abwana.

Anthu ankamuyamikira pamsewu. "Landilodi wachifundo ngati uyu kulibe. Mpopi ukadontha, tsiku lomwelo wafika." Iye ankangoyang'ana pansi, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa.

Pakutha pa mwezi m'pamene pankavuta. Ankayenda khomo ndi khomo, ndipo lamulo linkamukakamiza kuyang'ana nkhope iliyonse. Mphunzitsi wamkazi wa chitseko chachiwiri, amene anabwera wonenepa bwino, diresi linayamba kumulendewera m'mapewa. Dalaivala wina anachita ngozi kawiri n'kuchotsedwa ntchito. Banja lina linapita padera katatu. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachedwetsa lendi, ndipo panalibe amene ankafuna kusamuka.

Telala ndiye anatha ngati sopo. Maso anachita khungu moti ulusi sunkalowanso pa singano. Anagulitsa makina oyamba, kenako achiwiri. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwa makolo ake. Tsiku lina Bulashi anamupeza telalayo atakhala pansi m'chipinda chopanda kanthu, msana atatsamira khoma, envulopu ili m'manja. Makina achitatu panalibe.

Bulashi anabisa manja kumbuyo. "Mwezi uno musavutike, achimwene. Kaguleni chakudya. Mwinanso mukapeze nyumba kwina, mphepo ya kuno sikukuyanjani."

Telala anakwawa n'kumugwira mwendo wa buluku. "Musandichite zimenezo, alandilodi. Landirani. Ndikachedwetsa ngakhale tsiku limodzi, makomawa amandiyang'ana. Inu nokha ndi amene mwandichitira zabwino m'tauni muno."

Bulashi analandira, akumuyang'ana kumaso. Atatuluka anapita kuseri kwa bafa n'kusanza. Patapita masabata atatu, ananyamula nawo bokosi la telala, ndipo abale a malemu anamuthokoza pagulu chifukwa chogula bokosilo.

M'mawa mwake anabwerera kwa wogulitsa zitseko uja n'kuika botolo patebulo.

"Zakwana. Tengani katundu wanu."

"Mwakhuta?" Bamboyo sanaligwire botololo. "Inu mwakhuta, koma makoma khumi ndi anayi aja sanakhute. Chipinda chikakhala chopanda munthu, kapena chaka chikatha osachipentanso, njala yake imalondola dzanja limene linagwira bulashi. Sankhani nokha. Chipinda cha telala chili chopanda munthu kuyambira dzulo, si choncho?"

Bulashi anatola botolo lija. Loweruka anapentanso chipindacho, Lolemba munalowa namwino wina wachitsikana amene anamuthokoza mobwerezabwereza mpaka iye anathawa pakhomopo.

Nyumba yake yokha sanaipente. Anaikhoma malata, anawonjezera zipinda ziwiri, koma makoma anangowasiya a pulasitala. Zidebe za penti wosakaniza kale ndi ufa uja ankazitsekera m'kasitolo, kiyi n'kumayenda naye. Mkazi wake ankadandaula.

"Abambo, anthu akundiseka kumpopi. Akuti mkazi wa wapenti amagona m'phanga. Mwakongoletsa tauni yonse, kwanu kokha mwaona chiyani?"

"Ndidzapenta, amayi. Nthawi."

"Nthawi imeneyo idzafika ine ndili kumanda."

Akanatha kugula penti watsopano wopanda kanthu, koma dzanja lake lomwe ankaliopa. Sankafuna kuti bulashi yake ikhudze khoma limene mkazi wake ankagona pafupi nalo.

Mwana wawo uja anali atakwatiwa, ndipo chaka chimenecho anabereka mwana wamwamuna. Popeza mwamuna wake ankagwira ntchito kutali, anagwirizana zoti akatuluka kuchipatala adzakhale kwa makolo ake miyezi ingapo. Masiku omwewo Bulashi anaitanidwa kukapenta nyumba zatsopano kutauni ina, ntchito ya masabata asanu. Ananyamuka mothamanga, kiyi wa kasitolo n'kumuiwala m'thumba la ovolosi imene anaisiya kuti ichapidwe.

Anabwerera masana a Lamlungu, atanyamula kabedi ka mwana pamutu. Mkazi wake anamulandira pakhomo akumwetulira ngati mtsikana.

"Tsekani maso, agogo. Ndakukonzerani zinthu."

Anamugwira dzanja n'kumulowetsa m'chipinda chatsopano. Bulashi anamva fungo asanatsegule maso. Makoma onse anayi anali achikasu chofewa. Mwana wake anakhala pamatiresi, khanda lili pamiyendo.

"Ndinapeza zidebe ziwiri zotsala m'kasitolo," anatero mkazi wake. "Ndinati mdzukulu wanga asafikire m'phanga. Ndapenta ndekha ndi bulashi yanu yakale. Mizere yapindika, musandiseke."

"Agona muno masiku angati?"

"Mwezi wathunthu. Bwanji?"

Mwana wake anadzutsa mutu. Masaya anali atalowa. "Ababa, mwanayu sakuyamwa bwino. Anabadwa wonenepa, koma taonani manja ake. Kuchipatala akuti sakuona matenda."

Bulashi anaika kabedi pansi. Anawatulutsa onse panja, osayankha mafunso awo, n'kutenga chitsulo chopalira khoma. Anapala mpaka pulasitala anayamba kugwa, koma chikasucho chinali chitalowa m'kati ngati mafuta pa nsalu. Anathamangira kumsewu wa matabwa. Wogulitsa zitseko anamumvetsera mpaka kumapeto, akuwongola msomali ndi hamala.

"Ndinakuuzani kuti khoma lilibe maso. Munthu wamkulu limamudya zaka. Khanda ndi nyama yofewa."

"Tengani nyumba zonse. Tengani ine."

"Nyumba ndi zanu. Ine ndimagulitsa zitseko."

Khandalo linamwalira Lachitatu, m'manja mwa agogo ake aakazi. Atabwerako kumanda, anthu anadzaza pabwalo, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'nyumba za Bulashi: mphunzitsi wowonda uja, dalaivala ndi ndodo yake, namwino amene tsopano ankatsokomola. Mkazi wa Bulashi ankalira akudzimenya pachifuwa.

"Ndine ndapha mwana. Ndinamugoneka m'fungo la penti. Manja anga awa."

Mwana wawo sanamutonthoze mayi akewo. Anangotembenukira kwina. Bulashi anaona kuti akapitiriza kutseka pakamwa, mkazi wake adzasenza mtembowo mpaka imfa yake. Anaimirira pakati pa bwalo.

"Amayi, si inu. Ndine."

Ananena zonse: botolo, supuni, telala, envulopu. Sanadzutse mutu mpaka anamaliza. Ankayembekezera miyala, ndipo mwina miyala ikanamupepukira. Koma panalibe amene anamugenda. Mphunzitsi uja anayandikira, anatulutsa kiyi m'kachikwama, n'kumuika pansi pafupi ndi mapazi ake.

"Mwezi uliwonse munkandiyang'ana m'maso," anatero motsitsa mawu, "n'kundifunsa ngati ndagona bwino."

Ena anachita chimodzimodzi, mmodzimmodzi. Mwana wake ndiye anali womaliza kudutsa. Anaima pamaso pake.

"Tsiku lija munagwada pa matailosi, ababa, ine sindinachite nanu manyazi. Ndinakwiyira munthu uja. Lero ndiye ndachita manyazi."

Dzuwa lisanalowe, iye ndi mayi ake anali atakwera galimoto ya katundu. Sabata isanathe, zitseko zonse khumi ndi zinayi zinali pululu. Bulashi anayesa kugulitsa nyumbazo, koma ngakhale ogula malata akale ankakana kuponda pabwalo. Njala ya makoma inalondola mwini wake. Dzanja lamanja linayamba kufota, kenako maso. Ankayenda masana kuchoka nyumba ina kupita ina, akupala makoma ndi chitsulo, chitsulo chitatha ndi zikhadabo, akupepesa anthu amene munalibemo. Akakumana ndi munthu pamsewu ankaphimba nkhope ndi chipewa n'kupatukira m'ngalande.

Anamupeza owerenga mamita a madzi, m'chipinda cha namwino, patapita masiku angapo atamwalira. Mkazi wake anatumiza nsalu koma sanabwere. Nyumbazo zilipobe, malata anachita dzimbiri, ndipo palibe amene amabisalamo ngakhale mvula ikhale ya matalala.

Timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma pa chuma cha mankhwala amadya ndi wamkulu, wopotedwa n'kukhala mwana. Bulashi anali ndi luso lomwe likanamumangira chitseko chimodzi, mwina ziwiri, pa zaka zake, ndipo akanagona tulo. Dyera linamuuza kuti bola amene akuvutikawo si abale ake. Munthu amene walola kulemera pa msana wa mnzake asaganize kuti tsokalo lidzafunsa dzina likafika pakhomo pake.