Uchi Umene Nyerere Zinaukana

Lachiwiri, 10:40 m'mawa, mtembo wa mphunzitsi wa osambira pansi pa madzi unavuulidwa m'dziwe lakuya la pamgodi wakale wa miyala. Anali ndi zaka 46, ndipo anakula ndi matenda a shuga.

Inspekitala, mayi amene imvi zinamumerera akufufuza milandu, anapeza thupi lili pathabwa, botolo la mpweya lidakali kumsana. M'thumba la jekete munali kachubu kofinyidwa mpaka kutha.

Amene analowa naye limodzi m'madzimo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake.

"Anandikodola ndi zala kuti shuga watsika," anatero mlamuyo. "Anayamwa uchi wawo wonse wa m'kachubu, koma osathandiza. Matendawa ndi madzi siziyenderana, bwana. Ndinkawauza."

Dokotala wopima mtembo anavomereza: shuga anatsika, munthu anakomoka, namira. Inspekitala anayamba wakayikira wodzaza mabotolo a mpweya, amene anakangana ndi malemuyo Lolemba.

"Tinkakangana za mpira, amayi! Nditamapha aliyense wonyoza timu yanga, m'tauni muno mungatsale ndani?"

Mpweya unapimidwa. Unalibe vuto.

Lachinayi Inspekitala anapita kwa namfedwa. Mayiyo anamulandira m'khitchini, khosi lili njo.

"Akuti amuna anga anatayirira," anatero. "Iwo aja? Asanalowe m'madzi ankadya buledi ndi nthochi, n'kudzibaya chala katatu poyeza shuga. Shuga akamatsika, ulendo unkathera pomwepo, kaya alendo akwiye. Madzi ozizira amadya shuga, ndiye uchi ndinkawathirira ndekha m'kachubu, wina wawo, wina wa wolowa nawo m'madzi. Aphunzitsa odwala shuga ambirimbiri, palibe anamirapo. Lero bungwe la osambira likuti odwala onse aletsedwe. Musalole, mayi."

"Lachiwiri machubuwo anawanyamula ndani?"

"Achimwene. Analawirira kudzatenga chikwama, amuna anga akusamba."

Pashelefu panali botolo la madzi otsekemera opanda shuga, amene malemuyo ankathira mu tiyi. Linali pafupi kutha. Mayiyo analiyang'ana modabwa: analigula Loweruka.

Inspekitala anapempha supuni ya uchi. Kuofesi anang'amba kachubu kaja, nakaika pawindo, uchiwo pambali pake. Pobwera kunkhomaliro anapeza supuni ili bii ndi nyerere. Kachubuko zinkangokalambalala. Anamwetulira, natumiza zonse kokapimidwa. Nyerere sizilumbira m'khoti.

Zotsatira zinafika Lolemba. 2 koloko masana mlamuyo anakhala m'chipinda chofunsira mafunso.

"Bambo, alamu anu anayamwa chiyani pansi paja?"

"Uchi."

"Uchi wake uti, woti nyerere n'kuukana? Munalibe shuga ngakhale kadontho. Zidindo za zala zanu tazipeza pabotolo la m'khitchini ya achemwali anu. Kapena munkaphika tiyi?"

Munthuyo anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu.

"Kusambira pansi pa madzi ndinawaphunzitsa ndine," anatero. "Ine! Koma aliyense wobwera ankangoti tikufuna a shuga aja, ngwazi. Ine wonyamula zikwama. M'botolo lawo la juwisi ndinathiranso zomwezo. Ndinkafuna angofooka, ndiwavuule anthu akuona, adziwe mwini madzi ndani. Kupha ayi, bwana. Ndi bambo wa ana a mlongo wanga."

"Juwisi sindinamutchule. Zikomo."

Madzulo Inspekitala anapita yekha kukamuuza namfedwa. Mayiyo anamva dzina la mchimwene wake, nagwira m'mphepete mwa tebulo. Misozi inatsika, koma mawu sanagwedere.

"Ndiye kuti sanalakwitse chilichonse?"

"Ngakhale chimodzi. Anachita zonse zimene ankaphunzitsa, mpaka mpweya womaliza. Bungwe lija ndikaliuza ndekha."

"Mukanene mokweza."

Inspekitala anatuluka ali ndi chinthu chimodzi chimene sanamuuze. M'jekete ya mlamuyo apolisi anapezamo kachubu kachiwiri, ka uchi weniweni, kodzaza, chitsekerero chili chitsekere. Anamufunsa mlamuyo kawiri chifukwa chimene sanakatulutsire pansi paja, mnzake akufa iye akuona. Mpaka lero sanayankhe.